Afunseni Aphunzitsi: Gasi, parafini ndi kandulo n'za banja limodzi

Funso: Aphunzitsi, ndili Folomu 4 ndipo mayeso a MSCE ayandikira. Mayina a ma alkane ndinawaloweza, koma ndikafika pa homologous series mutu umaima. Kodi n'chiyani kwenikweni?
Mtsikana wa ku Ndirande

Yankho: Mwana wanga, tseka kaye kope, tipite kukhitchini. Kwathu ku Chilomoni magetsi akazima, mayi a kunyumba amaphika pa gasi, ine n'kuyatsa kandulo. Agogo ako mwina akadali ndi koloboyi wa parafini. Zitatu zonsezi ndi ma alkane, mamolekyu a carbon ndi hydrogen basi, ana a bambo mmodzi, ndipo banja lotere ndilo homologous series.

Carbon iliyonse ili ndi manja anayi. Mu methane, CH4, manja onse agwira hydrogen. Ukalumikiza carbon ina pa tcheni, imabwera ndi ma hydrogen awiri, choncho mng'ono ndi mkulu amasiyana ndi CH2 basi: ethane C2H6, propane C3H8, butane C4H10. Fomula ya banja lonse ndi CnH2n+2, pamene n ndi chiwerengero cha ma carbon. Ambiri amaiwala 2 wa kumapetoyo, ndipo ndawalemba zolakwa ana osawerengeka chifukwa cha iye. Amachokera ku ma carbon awiri a kunsonga, popeza aliyense watsala ndi dzanja limodzi lopanda mnzake, ndiye limagwira hydrogen.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti tcheni chikamatalika, mamolekyu amakokana kwambiri, ndipo kuti awire pamafunika kutentha kochuluka. Methane imawira pa -162°C, propane pa -42°C, butane pafupi ndi 0°C. Pentane, C5H12, imawira pa 36°C, moti ku Chikwawa mu Okutobala ingawire yokha pabwalo! Kuposa pamenepo mumalowa petulo, kenako parafini, ndipo ma carbon akafika 20 ndi kupitirira, chinthucho chimauma ngati kandulo.

Tagwedeza silinda ya gasi, umva ngati muli madzi. Ndi propane ndi butane zopanikizidwa mpaka kusanduka zamadzimadzi. Fungo lija si lawo ayi, amachita kuthiramo dala kuti gasi akamatuluka tizindikire msanga.

Khalidwe ndiye n'lofanana banja lonse: sizisungunuka m'madzi, ndipo zikapsa ndi mpweya wokwanira zimatulutsa carbon dioxide ndi madzi. Mpweya ukachepa, mpamene koloboyi amadetsa denga ndi mwaye.

Usanagone lero, undipezere fomula ya alkane ya ma carbon 12, osasuzumira m'buku.