Zaka 80 zimenezo ndi za ku America, kuno Napolo sadikira

Achimwene, zoti mavuto aakulu amabwerera pakatha zaka 80 zija ndaziwerenga ndipo mtima wandiwawa, mundikhululukire ndilemba zambiri. Anayambitsa nkhaniyo ndi azungu awiri a ku America, William Strauss ndi Neil Howe, amawerengera nkhondo yawo yomenyera ufulu, kenako yapachiweniweni ya 1861, kenako kugwa kwa chuma mu 1929 ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, akuti amene anaona mavuto akatha kumwalira adzukulu amatayirira ndiye zimabweranso. Pa kutayirirapo ndikuvomera. Koma zaka 80? Agogo anga aakazi ali ndi zaka 80 ndi kanthu, njala ya 1949 anaiona ali kamtsikana, anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique akudzaza pa Muloza m'ma 1986 anawaphikira, Napolo wa ku Phalombe mu Malichi 1991 anapita kukalira maliro a abale awo kumunsi kwa phiri la Michesi, njala ya 2002 tinadya nawo gaga ndi zitsa za nthochi, kenako namondwe wa Freddy. Munthu mmodzi yemweyu.

Freddy yo ndiye musandikumbutse. Mvula inayamba Loweruka pa 11 Malichi 2023 osakata, tsiku lachiwiri agogo anatuluka panja ndi ndodo yawo nkuyang'ana kuphiri, akuti phirili likulira, tiyeni tikagone kwa amalume anu kumtunda. Ine ndinaseka, ndinati agogo, namondwe wa Ana anadutsa chaka chatha, Idai anadutsa 2019, nyumbayi ndi ya njerwa zowotcha siinagwe. Akazi anga anandiyang'ana osayankha kanthu. Usiku wakewo magetsi kulibe, netiweki kulibe, tinangomva chiphokoso ngati malole khumi akutsitsa miyala nthawi imodzi, ndipo fungo, abale, fungo la dothi lija mpaka lero mvula ikayamba ndimalimva m'mphuno. Potsegula chitseko madzi anali m'mawondo, sanali madzi enieni koma phala la matope lokoka mitengo yathunthu. Mayi a ana anabereka wamng'ono, wamkulu anamugwira dzanja, ine ndinabereka agogo, ndipo tangoganizani munthu ali kumsana kwanga tikumira m'matope tochi ya foni ili kukamwa, iwo akungonena m'khutu mwanga kuti ndinakuuza, ndinakuuza iwe. Ndinagwa kawiri. Kachiwiriko anandipulumuka m'manja ndinawagwira chitenje basi, chikanang'ambika bwenzi lero ndikulemba zina. Kutacha, pamene panali khola la mbuzi zisanu panali mwala waukulu kuposa nyumbayo, munda wa chimanga choti chatsala pang'ono kucha unali mchenga wokhawokha, ananeba athu awiri sanapezeke mpaka pano. Dziko lonse anthu opitirira 1,000 anapita.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri si mwalawo ai. Ku kampu kusukulu kuja kunali bambo wina amene anapatsidwa kope kuti azilemba maina a okhudzidwa, sindimutchula, amene tinali konko mukumudziwa. Kanayi konse ndinaima pamzere, kanayi konse akuti dzina lanu silikuoneka bwerani mawa. Pamene alamu ake a nyumba yoti ngakhale lata limodzi silinasasuke akudutsa ndi thumba la ufa, mabulangete awiri ndi ndowa, masana dzuwa likuswa mtengo. Nditamufunsa akuti achimwene mukudziwa mmene zimakhalira, kangachepe ka sopo. Sopo ndimutenge kuti ine ndatuluka ndi kabudula yekha? Ndinatsala pang'ono kumugwira pakhosi, anandiletsa ndi agogo omwewo, akuti msiye, mu 2002 wolemba maina anali bambo ake a yemweyu ndipo ankachitanso chimodzimodzi. Ndiye mukamati mbiri imazungulira, ine ndimaona kope lija likuchoka kwa bambo kupita kwa mwana.

Tisanapume nkomwe Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, simenti ndi malata nkukwera ngati zapenga, ndiye wina azindiuza kuti ndidikire zaka 80 nyengo yabwino ibwera yokha.

Malangizo anga, akuluakulu akanena kuti phiri likulira nyamukani, musafunse umboni, mukatsutsana nawo muli kumtunda. Chiphaso, makadi a kuchipatala ndi masatifiketi a ana ikani m'jumbo imodzi pafupi ndi chitseko ikafika Januwale. Komanso musawamvere zonse ai, chifukwa agogo omwewo ankatiuza kuyambira kale kuti Napolo amatsata njira yake yakale yokhayokha, pamene pathu paja sipanadutsepo madzi chibadwire iwo, ndipo kwa amalume kumtunda kumene ankati tithawireko khoma linagweranso mkati. Nthawi yawo phiri linali ndi mitengo, pano makala ndi minda zakwera mpaka pamwamba, miyala ilibe choigwira.

Ndipo musamange m'mbali mwa mtsinje kapena m'munsi mwa phiri, chonde. Ine ndamanganso pompaja, pafupi ndi mwala uja, ana amayanikapo zovala. Ndipite kuti, kuno ku Mulanje ukaponya mwala umagwera mu tiyi wa esiteti, ndipo agogo akanitsitsa kusiya manda a amuna awo. Jumbo ya mapepala ija ili pa msomali kuseri kwa chitseko, pamodzi ndi tochi ya mabatire.