Tifunseni: Kodi Perisiya wa Koresi ndi Estere uja alipodi, munthu angakamuone?

Funso: Zikomo akonzi. Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala ku Katawa kuno ku Mzuzu ndipo ndaphunzitsa Sande sukulu zaka zambiri. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku Dubai, akuti akufuna anditengeko ulendo umodzi miyendo ikadali yolimba. Ine ndimati ku Israel monga amapitira anzathu akumpingo, koma iye akuti bambo tiyeni ku Iran, kuli maulendo oyendera mabwinja a mafumu a Perisiya komanso mapiri ndi zipululu. Kodi Perisiya wa m'Baibulo uja ndi yemweyu? Kuli choti nkuona kapena ndi miyala chabe? Nanga mtendere ulipo? Mphunzitsi wopuma, Katawa.

Yankho: Aphunzitsi, mwana wanuyo sanalakwitse ayi. Dziko ndi lomwelo, mpaka 1935 akunja ankalitchula Persia kenako boma lawo linapempha kuti azilitchula Iran, dzina lomwe eni ake ankalidziwa kale. Koresi amene mwakhala mukuphunzitsa ana kuti analola Ayuda kubwerera kwawo kuchokera ku Babulo ndi Cyrus, analanda Babulo mu 539 BC, ndipo manda ake mpaka lero alipo ku Pasargadae, kanyumba kamwala kopanda zokongoletsa kokhala pamwamba pa masitepe 6 pakati pa chigwa. Munthu amene anawerengapo Ezara chaputala 1 akaima pamenepo mtima umachita kugunda ndithu.

Koma ine malo amene ndikufuna mukathereko tsiku lonse ndi Persepolis, eni ake amati Takht-e Jamshid, makilomita pafupifupi 60 kuchokera mumzinda wa Shiraz, ndipo Shiraz kuchokera ku Dubai pandege sipakwana maola awiri. Anayamba kumanga ndi Darius, Dariyo wa m'Baibulo uja, cha m'ma 518 BC, Alexander Wamkulu, mfumu ya ku Makedoniya, anadzawotcha mu 330 BC. Musaope zokwera, masitepe olowera ndi ambiri inde koma ndi afupiafupi kwambiri moti ngakhale agogo amakwera bwinobwino osapuma wefuwefu. Mukafika pamwamba musathamangire zipilala zazitali zija kumene aliyense amajambulitsa, pitani kaye pa khoma la masitepe a holo yotchedwa Apadana. Pamenepo anasema magulu 23 a anthu a mitundu yosiyanasiyana akubwera ndi mphatso kwa mfumu, ena akukoka ngamila ena nkhosa ena anyamula nsalu ndi mitsuko, gulu lililonse ndi zovala zakwawo ndi kametedwe kakwawo, ndipo wotsogolera gulu wagwiridwa dzanja ndi nduna ya mfumu ngati mmene timamugwirira mlendo pomulowetsa pakhomo. Ndiye mutsate mzerewo mpaka kumapeto, mukawapeza anthu a ku Kusi, akwathu kuno ku Africa, tsitsi lawo lopotanapotana losemedwa bwinobwino, mmodzi wasenza mnyanga wa njovu paphewa, wina akukoka nyama imene akatswiri ena amati ndi okapi, nyama ya m'nkhalango za ku Congo, ena amati ndi nyamalikiti. Ine chimenechi chimandikhudza kwambiri, zaka 2,500 zapitazo msemi wina anakhala pansi nkuyang'anitsitsa nkhope ya munthu wakuda kuti aiike pamwala molondola, ndipo mwalawo ulipo mpaka lero. Komanso pamalo omwewo anafukula timapale tadothi tambirimbiri tolembedwa chakudya chimene amisiri ankalandira, akazinso ankagwira ntchito nkumalandira, ndipo mayi akabereka ankamuonjezera. Pafupi pomwepo pali Naqsh-e Rostam, manda a mafumu ogobedwa m'thanthwe m'mwamba, a Darius ali pamenepo, ola limodzi likukwanirani.

Za Estere ndi Nehemiya ndiye ndi ku Shush, Susani wa m'Baibulo, koma ndikuuziretu kuti ndi kutali kumadzulo kufupi ndi malire a Iraq, ndipo zotsala za nyumba ya mfumu ndi maziko basi, zambiri zokongola zinatengedwa zili ku Louvre, nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Paris. Chimene chimakoka anthu kumeneko ndi manda amene mwambo umati ndi a Danieli, denga lake loyera losongoka ngati chinanazi, ndipo amene amadzaza kukapemphera ndi Asilamu. Manda amene amati ndi a Estere ndi Moredekai ali ku Hamadan, kwinanso. Ma tour ambiri amalonjeza zonsezi m'masiku 7, ine ndikuti ayi musalole, Iran ndi dziko lalikulu kuposa Malawi maulendo oposa 13, mukangothera m'basi nkubwerako ndi msana wowawa. Sankhani Shiraz, Yazd ndi Isfahan, zitatu zimenezi zimalumikizana bwino pamsewu.

Ku Yazd ndi m'chipululu, nyumba zadothi, koma mukaona nzeru. Pamadenga pali tinsanja totchedwa badgir timene timakola mphepo nkuitsitsira m'nyumba kuti muzizire popanda magetsi, ndipo madzi ankabwera kuchokera m'mapiri kudzera m'ngalande zapansi panthaka zotchedwa qanat zokumbidwa ndi manja, madzi akuyenda okha motsetsereka opanda injini. Ife a ku Mzuzu timene timangoyang'ana ku damu la Lunyangwa mpope ukauma, zimenezi ndi zofunika kuziona ndi maso. Ku Isfahan kuli bwalo lalikulu la Naqsh-e Jahan la nthawi ya mfumu Shah Abbas amene anasamutsira likulu kumeneko mu 1598, mizikiti ya matailosi abuluu, ndi mlatho wa Si-o-se-pol wa makomo 33, kungoti mtsinje wake masiku ano umauma kawirikawiri. Phiri la Damavand ndi mamita opitirira 5,600, Sapitwa wathu ndi 3,002, limenelo mukangolionera patali muli ku Tehran kunja kukayera. Chipululu cha Lut chisiyeni kwa achinyamata, mu 2005 setilaiti inayeza kutentha kwa nthaka kumeneko madigiri 70.7. Nthawi yabwino ndi April ndi May kapena October ndi November. June ife tili m'majuzi kuno, kumeneko kuli ng'anjo. Pewaninso masabata awiri oyambira pa 20 kapena 21 March, ndi Nowruz chaka chawo chatsopano, mahotelo amadzaza.

Tsopano za mtendere, apa sindikubisirani. Mu June 2025 kunali nkhondo ya masiku 12 pakati pa Iran ndi Israel, ndege zinaima alendo anasowa potulukira. Dera limenelo zinthu zimasintha usiku umodzi, ndiye mwana wanu asalipire kanthu asanaone kuti ndege zochokera ku Dubai zikuyenda mwa nthawi zonse komanso kuti tikiti ndi yobwezeka, ndipo ngati kwachita mdima dikirani, miyala ija yadikira zaka 2,500 siithawa. Viza akonzeretu musananyamuke. Makadi a Visa ndi Mastercard sagwira ntchito kumeneko chifukwa cha zilango za zachuma, mumanyamula madola kapena ma euro m'manja, ndipo pogula funsani ngati mtengo akunena mu rial kapena toman chifukwa toman imodzi ndi ma rial 10. Mwana wanu azivala mpango kumutu ndi zovala zazitali paliponse pagulu, ndi lamulo ngakhale kwa alendo. Mowa ndi woletsedwa. Musajambule asilikali kapena nyumba za boma. Ndipo wogulitsa kapena wa takisi akakana ndalama zanu koyamba musangonyamuka, ndi ulemu wawo wotchedwa taarof, muumirire kawiri katatu alandira.

Funso: Ine ndimapita ku Dar kukaoda katundu, kumeneko ndinamva anthu ena akuti iwo ndi Ashirazi. Zikugwirizana ndi Shiraz wa ku Iran? Mayi wa geni, Luwinga.

Yankho: Eya mayi, dzinalo ndi lochokera komweko. Mbiri yakale ya ku Kilwa imati ufumu wa pachilumba cha Kilwa Kisiwani unayambitsidwa ndi Ali ibn al-Hasan wochokera ku Shiraz, ndipo ngalawa za amalonda a ku Perisiya zinkafikadi m'gombe limenelo ndi mphepo za monsuni. Mabwinja ake alipo, mzikiti waukulu wamiyala ya m'nyanja ndi nyumba ya mfumu ya Husuni Kubwa, UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 1981. Kuchokera ku Dar mumakwera basi yopita kummwera mpaka Kilwa Masoko kenako kaboti mphindi zochepa mwafika. Ulendo wina mukamaliza kuoda ku Kariakoo onjezerani masiku awiri mukaone, chilolezo cholowera pachilumbapo mumatengera ku Masoko komweko musanakwere boti.