Kodi kafukufuku wa nsomba ndi ntchito yodalirika?

Mtsikana wina wanditumizira imelo. Wasankhidwa kukaphunzira za nsomba ku Bunda, koma kwawo akuti wataya mwayi, bola unamwino. Akufunsa ngati kafukufuku wa nsomba angamudyetse. Achemwali, kalata yanu yandifika pamtima, chifukwa nanenso amalume anandifunsa kuti, "Sukulu yonseyi ukathere m'matope?"

M'matopemo ndinalowadi, ndipo ndimanyadira. Ntchito yanga yoyamba inali yoyeza makumba m'madamu a alimi ku Zomba. Tinkalawira kusanache, chifukwa mpweya m'madzi umachepa kwambiri m'bandakucha, ndipo ukapeza nsomba zikuyasamula pamwamba umadziwa kuti damu lavuta. Tikakoka khoka, nsomba iliyonse inkagona pa thabwa loyezera, kenako pa sikelo, nambala m'kope lonyowa, n'kuibwezera m'madzi isanafooke.

Panali mayi wina amene ankadyetsa nsomba zake madeya ndi masamba a mbatata. Ankapisa mkono m'damu mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamaonekabe, ankati madzi ali ndi njala, n'kuthiramo manyowa a nkhuku kuti abiriwire. Nsomba zake zinkaswana zedi koma osakula, poti makumba amayamba kuswana akadali aang'ono, damu n'kudzaza tiana tolimbirana chakudya. Tsiku lililonse funso lawo linali limodzi: "Alangizi, nanga zikula liti?" Tinayesa kuchepetsa nsomba m'damu, tinayesa kupatula zazimuna zokha, ndipo zina zinaoneka kuti zikuthandiza. Kenako ndalama za pulojekiti zinatha, galimoto inasiya kubwera, lipoti linakagona m'kabati ku ofesi ina. Palibe anabwerera kukawauza mayi aja zomwe tinapeza m'damu lawo lomwe. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndiye ndinene mosabisa: kafukufuku wosabwerera kwa mlimi kapena kudoko ndi kuba nthawi ya anthu. Tili ndi mapepala ambiri. Za chambo tinazidziwa kalekale. Wasayansi wa ku Britain, Rosemary Lowe, anafika ku nyanja yathu mu 1945 n'kufufuza mitundu ya chambo ndi kaswanidwe kake. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, choncho ukachikola mu Novembala kapena Disembala wapha banja lonse. N'chifukwa chake nyanja imatsekedwa miyezi imeneyo. Komabe chambo cha ku Malombe chinatha tikuona, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo m'pamene boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko mu 1993, lamulo latsopano la usodzi n'kubwera mu 1997. Pomwe ku chilumba cha Mbenji ku Salima, mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nthawi ya dzinja kuyambira m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera. Wasayansi amene akuganiza kuti alibe chophunzira ku Mbenji asandiuze za digiri yake.

Ndipo ndimakwiya ndikamva anthu a m'tauni akunyoza msodzi wokokera kasawala, tiana ta chambo, ndi neti ya udzudzu, madzulo ake iwo omwewo n'kukagula kasawalayo pamsika. Munthu amene ana ake agona ndi njala simungamuletse ndi chikwangwani.

Enanso akuti tingolola nsomba yachilendo ya Nile tilapia, poti ku Kariba ikukula msanga m'makheji. Ine ayi, ndipo sindidzasintha. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo mlendoyo akangothawa m'damu nthawi ya madzi osefukira, adzakwatirana ndi zathu ndipo sitidzamutulutsanso. Njira ndi yomwe anayamba kumalo ofufuzira za ulimi wa nsomba ku Domasi, yosankha makumba okula bwino m'badwo ndi m'badwo, ndiponso kupeza chakudya cha nsomba choti mlimi wa kumudzi angakwanitse kugula. Onjezanipo matenda a zilonda pa nsomba amene anabuka ku Mchinji mu 2020. Zonsezi zikusowa anthu, ndipo amayi m'ntchitoyi ndi ochepa, chonsecho oyanika usipa pathandala ndi ogulitsa ambiri ndi amayi.

Tsono yankho lanu

Pitani ku Bunda. Limbikirani masamu a kafukufuku ndi kompyuta, chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Patchuthi pemphani malo ku Domasi, kumalo ofufuzira za nsomba ku Monkey Bay kapena kwa mlimi wa madamu, ngakhale osalipidwa. Phunzirani kusambira, ndiponso Chiyao kapena Chitonga pang'ono. Ntchito za boma ndi zochepa, zambiri ndi za mapulojekiti a zaka zowerengeka, ndipo kuti mudzatsogolere kafukufuku wanu mudzafunika digiri yachiwiri, mwinanso yachitatu. Simudzalemera msanga, koma njala simudzagona nayo. Abale anuwo musakangane nawo. Mukadzafika chaka chachiwiri mudzandilemberenso, ndidzakuuzeni za kasankhidwe ka mutu wa kafukufuku.