Za bambo anu omwe akumapuma wefuwefu akangoyenda pang'ono

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo nditaona kuti ambiri akukuuzani kuti muwasiye azingopuma basi ndati ayi ndilembeko ngakhale zitalike. Mwati bambo anu ali ndi zaka 62, anadwala sitiroko miyezi 4 yapitayo, pano akuyenda ndi ndodo koma akangochoka kuchipinda kufika pakhomo akumapuma wefuwefu mtima uli phaphapha, nde mukufunsa ngati sitirokoyo inawononganso mapapo ndi mtima, komanso ngati mafizo sangawabweretsere sitiroko ina. Ine ntchito yanga ndi ya physio, anthu ngati bambo anuwa ndimakhala nawo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mantha muli nawowo ndimawadziwa bwino, amachokera pa chikondi. Koma kuwakhazika pampando tsiku lonse ndi kumene kungawafooketse kwambiri.

Sitiroko imachitika mu ubongo, mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena ukaphulika, ndipo yochuluka ndi yotsekekayo, pafupifupi anthu 85 pa 100 alionse. Mapapo enieniwo kawirikawiri sakhala kuti awonongeka ayi. Befu mukuonayo imabwera chifukwa zinthu zingapo zakumana pamodzi, ndipo choyamba ndi kugona komweko. Mu 1966 ku Dallas, ku America, anatenga anyamata 5 athanzi lawo azaka za m'ma 20 nkuwagoneka pabedi masabata atatu osadzuka. Atawayeza anapeza kuti mphamvu ya thupi lawo yokoka ndi kugwiritsa ntchito okosijeni yatsika ndi kotala kapena kupitirirapo pang'ono. Patatha zaka 30 anawaitananso anthu omwewo nkuwayezanso, zinapezeka kuti masabata atatu apabedi aja anawafooketsa kuposa mmene zaka 30 za kukula zinawafooketsera. Amenewotu anali anyamata osadwala kalikonse. Nde taganizani munthu wa zaka 62 amene wagona kuchipatala, wabwera kunyumba aliyense akumuuza khalani pansi tikutengerani, miyezi 4 yathunthu.

Kenako pali mbali ya thupi yomwe sitiroko inafooketsa. Minofu ya mwendo umene sukugwira bwino ntchito imachepa, mafuta amalowerera mkati mwake, magazi opita kumeneko amachepa, ndipo minofuyo imasintha nkukhala ya mtundu wotopa msanga. Chonsecho kuyenda kokoka mwendo, kuuzunguza chammbali, kutsamira ndodo, kulimbana kuti usagwe, kumadya mphamvu yochuluka, nthawi zina mpaka kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi munthu woyenda bwinobwino pa mtunda womwewo. Minofu yopumira nayonso, ya pakati pa nthiti ndi ija yaikulu ili kunsi kwa mapapo, imatha kufooka mbali yomwe inagwidwayo, nde chifuwa sichitakasuka mokwanira, makamaka munthu akamakhala chowerama pampando maola ambiri.

Akamayeza anthu odwala sitiroko pa njinga kapena pa treadmill, makina oyendapo uli pamalo amodzi, atavala chakumaso choyezera mpweya, nambala imene amaitcha VO2 peak, kutanthauza okosijeni wochuluka kwambiri amene thupi lingagwiritse ntchito likamalimbika, imapezeka ili cha pa theka la ya anzawo a msinkhu womwewo amene sanadwale. Zili ngati malipiro akudulani ndi theka pomwe mitengo ya zinthu yakwera kawiri. Ulendo wa kuchipinda kufika pakhomo kwa inu si kanthu, koma kwa iwo ukutenga pafupifupi zonse zomwe ali nazo, nchifukwa chake mtima ukuthamanga chonchija. Sakunamizira, si ulesi, ndipo pa chokha sichisonyeza kuti mtima wawonongeka.

Chimene ndimafuna mabanja azimva ndi chakuti mtima ndi mapapo a munthu amene anadwala sitiroko zimaphunzirabe. Ku Baltimore, ku America komweko, gulu la Dr Richard Macko linatenga anthu oti sitiroko anadwala kale, miyezi yoposa 6 itadutsa, ena nkumawayendetsa pa treadmill katatu pa sabata, kuyambira pang'ono mpaka kufika maminitsi 40, ena nkumangowaongola minofu. Zotsatira zake zinatuluka mu 2005, patatha miyezi 6 oyenda pa treadmill aja mphamvu yawo ya mtima ndi mapapo inakwera ndi 17 peresenti pomwe enawo inangokwera ndi 3. Mwina 17 ikumveka yochepa, koma kwa munthu amene ali m'malire, ndi imene imasiyanitsa kusamba wekha ndi kusambitsidwa.

Zomwe zimasintha mkatimo ndi izi, mtima umayamba kupopa magazi ochulukirapo pa kugunda kumodzi, nde sufunikanso kuthamanga kwambiri pa ntchito yomweyo. Timitsempha ting'onoting'ono ta m'minofu timachuluka, minofu imayamba kukoka okosijeni bwino m'magazi ndipo imachedwa kuwawa, kuyenda nako kumayamba kulongosoka nde mphamvu yotayika pachabe imachepa. Mapapo sikuti amakula ayi, befu imachepa makamaka chifukwa thupi silikupemphanso mpweya wambiri pa kamtunda komweko, komanso minofu yopumira ija imalimbako. Chimene mudzayambe kuona inu kunyumba si nambala za ku labu, mudzaona kuti pamalo pomwe ankaima kawiri akuima kamodzi, ndipo akakhala pansi mpweya ukubwerera msanga. Zimatenga masabata, ambiri ndimawauza kuti asaweruze pasanathe miyezi iwiri kapena itatu, ndipo akasiya phindulo limabwerera m'mbuyo.

Koma chonde musanayambe chilichonse apite kaye akaonedwe ndi dokotala, izi sindikunena mwamwambo chabe. Anthu ambiri odwala sitiroko amakhalanso ndi vuto la mtima, ena osadziwa nkomwe, chifukwa BP, shuga, fodya ndi mafuta m'mitsempha zomwe zinatseka mtsempha wa ku ubongo zimagwiranso mitsempha ya mtima. Pali vuto lina lotchedwa atrial fibrillation, mtima umagunda mosalongosoka, ndipo ndi limodzi mwa zinthu zoyambitsa sitiroko. Mukawauze adokotala ndendende mmene mwalembera muno, kuti akumabanika akayenda pang'ono, apemphe ECG, yomwe ndi kujambula kagundidwe ka mtima, awamvetsere chifuwa, awaone ngati magazi ndi okwanira m'thupi, ndipo mufunse mwachindunji kuti kodi angayambe mafizo otulutsa thukuta. Ngati miyendo yonse ikutupa, kapena sakutha kugona chagada osabanika, kapena akudzuka usiku akusowa mpweya, pamenepo mtima ukhoza kukhala kuti ukulephera ndipo osadikira tsiku la sikelo. Ngati amatsamwa akamadya kapena kumwa nkumakhosomola ndi kutentha thupi, mwina chakudya chikulowera ku mapapo, chibayo chimayamba choncho. Ndipo befu ikabwera mwadzidzidzi ali chikhalire, makamaka katumba wa mwendo umodzi atatupa ndi kuwawa, thamangani nawo, akhoza kukhala magazi oundana apita ku mapapo.

Wina wanena kuti anamva zoti kudzutsa wodwala sitiroko nkoopsa. Pali kachoonadi kake koma ka masiku oyambirira. Kafukufuku wamkulu wotchedwa AVERT wa mu 2015, wa odwala oposa 2,000, anapeza kuti kuwadzutsa pafupipafupi komanso kwambiri pasanathe maola 24 sitiroko itachitika kunachepetsako mwayi wochira bwino. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku loyamba, bambo anu ali pa mwezi wachinayi.

Dokotala akavomera, malangizo a mu 2014 a American Heart Association, bungwe loona za matenda a mtima ku America, amati masiku 3 mpaka 5 pa sabata, maminitsi 20 mpaka 60, ndipo mutha kuwadula zidutswa za maminitsi 10. Musachite mantha ndi nambalazo, ndi kofikira osati koyambira. Munthu ngati bambo anu ine ndimamuyambitsa ndi maminitsi 3 kapena 5, apume, abwerezenso, kawiri kapena katatu pa tsiku, nde sabata iliyonse nkuonjezera miniti imodzi kapena awiri. Muyambe mwaonjezera nthawi, liwiro lidzabwera pambuyo. Sikuti mpaka pakhale makina, kuyenda pamalo osalala ndi kokwanira, ngakhale kuguba ali pampando, kudzuka ndi kukhala mobwereza, kapena njinga yoima malo amodzi phazi lofookalo atalimangirira pa pedulo ngati ilipo. Poyenda inu muziima mbali yofookayo chakumbuyo pang'ono, ndipo osawakoka mkono wofooka, phewa limenelo silichedwa kuvulala.

Nanga mudziwa bwanji kuti akwana kapena apyola? Ma physio timawerengera chonchi, 220 kuchotsa zaka zawo 62 ikutsala 158. Tinene kuti akakhala chete mtima umagunda ka 80 pa miniti, kusiyana kwake ndi 78, nde timafuna agwiritse ntchito 40 mpaka 70 peresenti ya 78 imeneyo kuonjezera pa 80 uja, zomwe zikupereka cha pa 111 mpaka 135, ndipo woyamba kumene akhale kumunsi kwenikweni. Koma masamu amenewa ndi ongoyerekeza, ndipo sagwira ntchito ngati akumwa mankhwala monga atenolol, propranolol kapena metoprolol chifukwa amenewa amaugwira mtima kuti usathamange, munthu atha kutopa zedi nambala ili pansi. Sagwiranso bwino ngati mtima umagunda mosalongosoka. Nde njira yomwe ndimaikhulupirira kunyumba ndi yowalankhulitsa. Ngati akutha kunena chiganizo chonse uku akupuma mwamphamvuko, ali pabwino. Ngati akutulutsa liwu limodzi limodzi, achepetse. Ngati akutha kuimba nyimbo osavutika ndiye kuti pali mpata woonjezera. Kwa amene sitiroko inawasokoneza kulankhula, gwirizanani chizindikiro cha dzanja musanayambe, ndipo muziyang'ana nkhope.

Ayambe pang'onopang'ono maminitsi oyamba, ndipo pomaliza asaime mwadzidzidzi, achepetse liwiro kaye, chifukwa kuima kamodzinkamodzi kumagwetsa BP munthu nkuchita chizungulire, makamaka amene ali pa mankhwala a BP. Asamagwire mpweya podzuka kapena pokankha chinthu, ambiri amachita zimenezi osazindikira ndipo zimakweza BP kwambiri, nde muziwawerengetsa mokweza. Ngati muli ndi kamakina ka BP yezani musanayambe, ine ikafika 180 pa 110 sindiyambitsa tsiku limenelo, ndimawatumiza kwa dokotala. Ngati ali ndi shuga ndipo amabaya insulin, asachite ali ndi njala.

Asiye pompo ngati akumva kuwawa kapena kupanikizika pachifuwa, kuwawa kopita ku nsagwada kapena ku mkono, chizungulire chofuna kukomoka, thukuta lozizira, mutu waukulu wadzidzidzi, kapena befu yosatsika ngakhale apuma maminitsi angapo. Ndipo mukaona pakamwa papotoka mwatsopano, mkono kapena mwendo wafooka kuposa kale, mawu asokonekera kapena maso asiya kuona bwino, imeneyo ndi ya kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale zitasiya zokha.

Za mantha a sitiroko yachiwiri aja. Zoona nambala ya pamwamba ya BP imakwera munthu akamayenda mwamphamvu, ndi mmene thupi limagwirira ntchito kwa aliyense, koma akamaliza imatsika ndipo imatha kukhala yotsikirapo kwa maola angapo, ndipo akamachita mwakathithi BP ndi shuga zimayamba kugwirika bwino. BP ndi shugazo ndi zomwe zimabweretsa sitiroko yachiwiri zikalekereredwa. Sindingakulonjezeni kuti siidzabweranso, palibe angalonjeze, koma kukhala chete sikuwateteza. Mankhwala okha asasiye ngakhale ayambe kumva bwino, mafizo salowa m'malo mwa mankhwala.

Chinanso chimene mabanja sakonda kutchula, kutopa kwa pambuyo pa sitiroko kulipo ndithu, kosiyana ndi befu, munthu amadzuka m'mawa ali wotoperatu, ndipo ambiri amakhalanso okhumudwa mumtima osanena. Bambo amene ankadzidalira lero akugwiridwa dzanja ndi mwana wawo, zimawawa. Nde masiku ena akakana musawakalipire, sankhani nthawi yomwe amakhala ndi mphamvu, ndipo ngati tsiku lotsatira adzuka olefuka kwambiri ndiye kuti dzulo munapyola, bwererani m'mbuyo pang'ono. Mumvetserenso usiku, ngati amaliza mkonono kwambiri nkumasiya kupuma kwa kanthawi ali m'tulo muwauze adokotala, vuto limeneli ndi lofala kwambiri mwa odwala sitiroko ndipo limakweza BP komanso kutopetsa masana.

Pezani kakope muzilemba tsiku, maminitsi omwe ayenda, aima kangati, BP ndi kugunda kwa mtima asanayambe komanso atamaliza, nde muzipita nako kuchipatala. Ndipo ngati simukudandaula ndiuzeni maina a mankhwala omwe akumwa komanso ngati anawajambulako mtima chigonekedwe chija, ndikuuzeni mafunso oti mukafunse mukamapita kwa dokotala.