Pezani kalata musanakumbe dzenje loyamba

Mayi, mwafunsa m'gulu muno mmene mungakonzere bwalo lodzaza zinyalala la kwanuko, kudzalapo mitengo ndi kupeza thandizo. Musanayambe n'komwe kufunafuna mbande, mawilibala kapena mabungwe opereka ndalama zokonzera bwalo lanu lodzaza zinyalalalo, pitani mukafufuze kaye kuti malowo mwini wake ndani, ndipo amene ali ndi ulamuliro pa malowo akulembereni chilolezo papepala, asayine, adinde ndi chidindo chomwe. Ndikulemba izi mtima ukundiwawabe, chifukwa ife tinachita zonse zimene anzathu akukulangizani m'gulu muno kupatula chimodzi chokhachi, ndipo thukuta lathu la zaka zitatu linafafanizidwa m'mawa umodzi.

Bwalo lathu linali ngati lanulo. Panali mulu wa zinyalala wotalika kuposa munthu, mapepala apulasitiki anali atatseka ngalande, madzi anali atadikha moti udzudzu unkaswana mmene ukufunira, ndipo ana ankasewera pakati pa mabotolo osweka. Tinayamba mabanja 14 okha. Tinachotsa zinyalala kwa miyezi inayi, Loweruka lililonse, zowola tikuunjika padera kuti zisanduke manyowa, zosawola tikulongedza m'matumba. Tinafukula ngalande, tinadzala udzu wa vetiva m'mbali mwake kuti dothi lisakokoloke, tinakonza nazale yathuyathu, ndipo mvula itagwa n'kulowerera pansi tinadzala mitengo 180. Chilimwe choyamba chinatiwawa kwambiri, pakuti banja lililonse linapatsidwa mzere wake wothirira, ndipo panali gogo wina amene ankabwera ndi kachigubu ka malita asanu kawiri patsiku chifukwa ndowa yodzaza sakanatha kuisenza. Pofika chaka chachitatu mitengo ina inali italekeza m'denga la nyumba, tinali titakhoma mabenchi anayi, ndipo anthu amene kale ankadutsa atatseka mphuno anayamba kukhala pansi n'kumacheza.

Musaganize kuti tinangolowa ngati mbuzi m'munda wa eni. Chilolezo tinapempha. Tinapita ku ofesi yoona za malo, kumene bwana wina anatilandira ndi manja awiri, natiyamikira, nati pitirizani, kalata ikupezani. Tinabwererako kanayi kukalondola kalatayo, ndipo ulendo uliwonse ankatiuza kuti wosayina watuluka, kapena kuti chidindo chili m'kabati yokiya. Tsiku lodzala mitengo bwanayo anabwera, anagwira khasu kwa mphindi ziwiri, anajambulitsa atagwada pafupi ndi mbande, kenako anakwera galimoto n'kumapita. Titaona chithunzicho tinadzinamiza kuti palibe umboni woposa umenewu, ndipo tinasiya kulondola kalata. Tinaiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Linali Lachiwiri, 6 koloko isanakwane, pamene mwana wa mnzathu wa m'komiti anagogoda pakhomo panga akupumira m'mwamba, nangoti akugwetsa mitengo. Ndinathamanga osasamba n'kumaso komwe. Ndisanafike ndinamva kulira kwa injini ndi phokoso limene mpaka lero limandidzutsa usiku, phokoso la mtengo wauwisi ukamathyoka, kuyamba ndi kulira pang'onopang'ono kenako n'kuphulika kamodzi. Buludoza inali itadutsa kale m'mizere itatu. Fungo la utomoni linasakanikirana ndi utsi wa dizilo, mizu imene tinaithirira ndi manja athu inali m'mwamba dothi likuyoyoka, ndipo benchi limodzi linali litapindika pakati ngati chikuni chothyoledwa pabondo. Nazale yathu, mmene munali mbande zimene tinkafuna kugawira sukulu yoyandikana nafe, inali itasanduka matope ndi zidutswa za machubu akuda. Anyamata ena anali kutsitsa mapolo ndi malata m'lole, osatiyang'ana n'komwe. Gogo uja anafika ndi kachigubu kake monga mwa masiku onse, anaima, anayang'ana, kenako anapita kukakumbatira mtengo wake umene unali usanagwe, ndipo anakana kuchoka mpaka adzukulu ake anachita kumunyamula. Madzi a m'kachigubuko anatayikira pansi chifukwa palibe amene anakumbukira kukatola.

Ndinapita kwa kapitawo wawo ndikukuwa, koma iye sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Anangotulutsa pepala lokutidwa m'pulasitiki, lokhala ndi mapu a bwalo lathu atazunguliridwa ndi mzere wofiira, nandipatsa kuti ndiwerenge. Chidindo chinali cha ofesi yomwe ija, chimene ankati chili m'kabati yokiya, ndipo dzina la wosayina linali la bwana yemwe uja. Chimene chinandifoola m'nkhongono ndi deti la pakalatapo, pakuti linkasonyeza kuti malowo anaperekedwa kwa munthu wina wabizinesi m'chilimwe chachiwiri, pamene ife tinali pakalikiliki kuthirira. Kapitawo anandifunsa mwaulemu ngati nafenso tinali ndi pepala lathu, ndipo ine ndinangomuonetsa chithunzi cha pafoni, iye n'kupukusa mutu. Pamenepo tinasowadi mtengo wogwira.

Bwanayo ndinamuimbira nditaima pomwepo. Anayankha ulendo wachitatu, nandifunsa kuti ndine ndani, ine amene ndinakhala pampando wa mu ofesi yake kasanu konse. Titapita gulu masana ake anakana kwamtuwagalu kuti sanatilolezepo kalikonse, ndipo za chithunzicho anati iye anabwera kudzalimbikitsa mwambo wodzala mitengo, osati kudzapereka malo. Munthu ameneyu anatidyera masuku pamutu. Ankadziwa kuti malo odzaza zinyalala palibe angawasirire, anatisiya tiwayeretse ndi manja athu, tifukule ngalande, tithamangitse fungo, ndipo atakongola anawapereka kwa wina chamseri, kwinaku chithunzi chake atagwira khasu lathu chikumuchitira umboni kuti ndi munthu wokonda chilengedwe. Akanatiuza chilungamo chaka chachiwiri chija tikanazula mitengo idakali yaing'ono n'kuisamutsa. Choipitsitsa n'chakuti mpaka lero pamalopo sipanamangidwe kalikonse, pangokhala mpanda wa malata wochita dzimbiri, ndipo anthu ayambiranso kuponya zinyalala m'katimo.

Pambuyo pake mnzathu wina anandiuza za Elinor Ostrom, mayi wa ku America amene analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009 chifukwa chofufuza mmene anthu wamba amasamalira nkhalango, madzi othirira ndi malo odyetsera ziweto amene ali a onse. Iye anapeza kuti magulu amene amakhalitsa amakhala ndi malire odziwika, malamulo opangidwa ndi eni ake, anthu olondera, ndi zilango zoyamba pang'ono n'kumakula, komanso kuti olamulira amavomereza ufulu wa gululo woyendetsa zinthu zake. Zinayi zoyambazo tinali nazo, moti amene wathyola nthambi ankayamba wachenjezedwa, akabwereza ankathirira mzere wonse. Chomalizacho ndi chimene tinalibe.

Tsono za thandizo. Lalikulu limene ndikulidziwa ndi Small Grants Programme, ndondomeko ya thumba la mayiko lothandiza kusamalira chilengedwe lotchedwa Global Environment Facility, imene inayamba mu 1992 ndipo yakhala ikuyendetsedwa ndi UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, m'mayiko oposa 100. Imapereka ndalama mwachindunji ku magulu a m'madera ndi mabungwe omwe si aboma, ndipo m'dziko lililonse muli komiti yake imene imasankha zopempha. Ife sitinapemphe n'komwe, chifukwa tinalibe kalata ya kalembera wa gulu ngakhale akaunti ya kubanki. Opereka thandizo ambiri amafuna zimenezi, pamodzi ndi malamulo olembedwa a gulu ndi umboni wakuti malowo mwaloledwa kugwirapo ntchito, choncho pepala limene likanatiteteza kwa buludoza ndi lomwenso limatsegula zitseko zimenezi. Akauntiyo ikhale ya osayinira atatu, ndipo msungichuma aziwerenga malisiti pamaso pa anthu onse mwezi uliwonse. Komabe ndinene mosabisa kuti ndalama zikabwera msanga zimapasula gulu, pakuti anthu amene dzulo ankabwera ndi makasu awo amayamba kufunsa za alawansi. Mbande mungapemphe ku nthambi yoona za nkhalango, galimoto yonyamula zinyalala mungapemphe ku khonsolo, ndipo mafosholo ndi magolovesi eni mabizinesi oyandikana nanu amapereka mosavuta kusiyana ndi ndalama. Palinso thandizo laulere limene ife tinalidziwa mochedwa, lomwe ndi kujambula bwalolo pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angathe kulembapo, ndi kusunga zithunzi zakale zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga za pa Google Earth, zimene zimasonyeza mmene malo asinthira chaka ndi chaka.

Amene akukuuzani kuti muyambe ndi tsiku limodzi lalikulu loyeretsa sakulakwa. Ku Estonia mu 2008 anthu pafupifupi 50,000 anatuluka tsiku limodzi kukatola zinyalala m'dziko lonse, ndipo kumeneko ndi kumene kunachokera World Cleanup Day (tsiku loyeretsa padziko lonse), imene tsopano United Nations inaiika pa 20 Seputembala. Tsiku lotere limakopa anthu, koma bwalo loyeretsedwa likasiyidwa lopanda kanthu limadzazanso mwezi usanathe, chifukwa amene ankatayapo zinyalala sanapatsidwe kwina kotayira. Konzani kaye kumene zinyalala zizipita, ndipo pamalo pamene mwachotsa mulu muikepo chinthu msanga, kaya benchi, kaya maluwa, kaya mapolo a mpira. Pa za mitengo, musatengeke ndi chiwerengero. Wangari Maathai, amene anayambitsa gulu lodzala mitengo la Green Belt Movement ku Kenya mu 1977, ankapereka kangachepe kwa amayi potengera mitengo imene yapulumuka, osati imene yadzalidwa, ndipo nzeru yake ndi imeneyo. Dzalani imene mungathe kuithirira zilimwe ziwiri, dothi lapamwamba mulisakanize ndi manyowa, muchotse chubu, muphimbire ndi udzu wouma, ndipo mutchingire mbuzi. Bulugamu musamuike pafupi ndi chitsime kapena ngalande chifukwa amamwa madzi kwambiri, ndipo mitengo yotalika isakhale pansi pa mawaya a magetsi. Ngati pabwalopo pali zitsa zimene zikuphukira musazizule, koma musiye mphukira zochepa zamphamvu n'kudulira zinazo, monga mmene katswiri wa zaulimi Tony Rinaudo anayambira ndi alimi a ku Niger m'zaka za m'ma 1980, chifukwa chitsa chili kale ndi mizu yozama ndipo chimakula msanga kuposa mbande.

Komatu musakhale manja lende kudikira kalatayo, chifukwa ife tikanadikira, mulu uja ukanakhalapo mpaka lero ndipo ana akanapitirira kuchekedwa ndi mabotolo. Yambani Loweruka likubwerali, ndipo ngati mvula yafika kalata isanatuluke, ine sindingakuletseni kudzala, pakuti nyengo ikadutsa mwataya chaka chathunthu. Ndiponso pepala palokha silimaimitsa munthu wadyera. Uhuru Park ku Nairobi, likulu la Kenya, anali malo a anthu onse odziwika bwino, komabe mu 1989 panakonzedwa zomangapo nyumba yosanjikizana ka 60, ndipo chimene chinapulumutsa pakiyo ndi phokoso limene Maathai anachita polemba makalata, kupita kukhoti ndi kuuza atolankhani, mpaka amene ankafuna kuikapo ndalama anabwerera m'mbuyo. Ife tinali mabanja ochepa ogwira ntchito mwakachetechete, moti tsiku la buludoza panalibe sukulu, mpingo, mzikiti kapena timu ya mpira imene ikanaima nafe n'kunena kuti bwaloli ndi lathunso. Akokereni onsewa kuyambira pachiyambi, ndipo aliyense akhale ndi ngodya yake yosamalira.

Ine ku ofesi ija sindinapondekonso ndipo sindikhulupiriranso mawu a munthu wokhala kuseri kwa desiki, koma inu mupite ndithu. Mupite anthu atatu, musapite nokha. Pempho lanu mulilembe makope awiri, lina musiye, linalo akudindireni deti lolandirira n'kubwerera nalo kunyumba. M'chilolezomo mulembedwe malire a bwalo, zaka zimene mwaloledwa, zimene mungadzale ndi kumanga, komanso miyezi imene ayenera kukudziwitsani ngati akufuna kusintha ntchito ya malowo, kuti mukhale ndi nthawi yosamutsa mbande. Pomwepo mupemphe kuona mapu a dera lanu, muone ndi maso anu ngati bwalolo linalembedwa kuti ndi malo a anthu onse kapena ndi puloti imene ikudikira mwini wake. Akakuuzani kuti chidindo chili m'kabati yokiya, funsani dzina la amene amasunga kiyi ndi tsiku limene amapezeka, mulembe m'buku la mlembi wanu iwo akuona.