Kodi Peresenti Yokha Ingatiuze Kuti Kicker Ndi Katswiri?

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo kunena kuti wayamba kuonera mpira wa ku America wa ligi ya NFL, ndipo akufunsa ngati peresenti ya mipira imene kicker walowetsa pakati pa milongoti ili yokwanira kusonyeza kuti munthuyo ndi katswiri. Zikomo kwambiri chifukwa cha funsoli. Yankho langa ndi lakuti peresenti imathandiza, koma payokha imasocheretsa.

Kicker ndi wosewera amene ntchito yake ndi kumenya mpira ndi phazi, mnzake ataugwirizira pansi, kuti udutse pakati pa milongoti iwiri, ndipo zikatheka timu yake imapeza mapointi atatu. Vuto loyamba la peresenti ndi lakuti siisiyanitsa mpira womenyedwa pa mayadi 25 ndi womenyedwa pa mayadi 55, pomwe amene amasankha mtunda si wosewerayo koma mphunzitsi. Mphunzitsi amene amadalira mwendo wa kicker wake amamutuma kutali kawirikawiri, ndipo zikatero peresenti imatsika ngakhale kuti munthuyo akuposa anzake amene amangopatsidwa yapafupi. Choncho muziona ziwerengero zogawidwa malinga ndi mtunda, makamaka kuyambira mayadi 40 mpaka 49, komanso 50 kupita m'tsogolo. Mu 2021 Justin Tucker wa Baltimore Ravens analowetsa mpira pa mayadi 66 ku Detroit nthawi itatsala pang'ono kutha. Mpirawo unagunda mtanda wa pakati pa milongoti, n'kudumphira mkati, ndipo Ravens inapambana 19 kwa 17. Mu peresenti, mpira umenewo umawerengedwa mofanana ndi wapafupi.

Malo nawo amasintha zinthu. Matt Prater anamenya mpira wa mayadi 64 mu 2013 ku Denver, mzinda wokwera pafupifupi mamita 1,600, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo mpira umauluka patali. Amene amasewera m'bwalo lofoleredwa salimbana ndi mphepo ndi chisanu za ku Buffalo kapena Chicago.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi kuchepa kwa mipira imene timaweruzira munthu. Pa chaka kicker amayesa mipira pafupifupi 30, kutanthauza kuti kuphonya kamodzi kokha kumatsitsa peresenti yake ndi 3, ngakhale cholakwa chitakhala cha amene anauponya kapena kuugwirizira mpirawo. Taganizirani za Gary Anderson, yemwe anabadwira ku South Africa n'kukulira ku Durban. Mu 1998, akusewerera Minnesota Vikings, analowetsa mipira yonse 35 imene anayesa m'masewero a ligi, osaphonya ndi umodzi womwe. Kenaka mu Januwale 1999, pa masewero amene ankalimbirana ndi Atlanta Falcons malo mu Super Bowl, yomwe ndi masewero omaliza opezera akatswiri a ligi ya NFL, anaphonya pa mayadi 38 masewero ali pafupi kutha, ndipo Vikings inagonja mu nthawi yowonjezera. Anthu ambiri amamukumbukira ndi mpira umodziwo, zomwe ine ndimaona kuti si chilungamo, chifukwa mwendo umene unaphonya tsikulo ndi womwewo umene unathandiza timuyo kupambana masewero 15 mwa 16. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti musanagamule za kicker aliyense, muphatikize ziwerengero zake za zaka zitatu kapena zinayi, muone mtunda wa mipira imene anapatsidwa ndi mabwalo amene anasewererako.