Kwa mayi amene akudandaula za nkhunda, bawo ndi mpira wa bambo pa Khirisimasi

Mayi, mwalemba kuti bambo a kunyumba kwanu apatsidwa tchuthi cha masabata awiri kuntchito, koma m'malo mokhala ndi inu ndi ana anu atatu, m'mawa amathera ku khola la nkhunda, masana ali pa bawo kumsika, ndipo madzulo amapita kukaonera mpira, moti mukufunsa ngati n'koyenera kuwauza kuti asiye zonsezi mpaka nyengo ya zikondwerero itadutsa. Ine ndine bambo wachikulire, ndimaweta nkhunda ndipo bawo ndimasewera, choncho ndiyankha monga munthu wodziwa kukoma kwa zinthuzi, komanso wodziwa kulemera kwa ntchito imene imagwera mayi mwezi wa Disembala. Maganizo anga ndi akuti musawaletse, koma musakhalenso chete. Zinthu zitatu mwatchulazi sizifanana, ndipo mukazimanga mtolo umodzi n'kuzitcha zotayitsa nthawi, abambowo adzamva ngati mukunyoza chilichonse chimene chimawasangalatsa, ndipo adzaziikira kumbuyo zonse pamodzi, ngakhale chija chimene iwo eni akudziwa mumtima kuti chapyola muyeso.

Ndiyambe ndi nkhunda, chifukwa pa zitatuzi ndi zokhazo zimene zili pakhomo panu pomwepo, ndipo ndi zimene zingakuthandizeni msanga. Munthu amene amaima pansi pa khola m'mawa, m'manja muli chimanga chosweka kapena madeya, akuyang'ana kumwamba, amaoneka ngati palibe chimene akuchita, pamene m'mutu mwake akuwerenga. Akuona kuti ndi iti imene sinabwere dzulo madzulo, ndi iti imene yayamba kutola timitengo tomangira chisa, ndi iti imene yazyolika ngati yodwala. Nkhunda imaikira mazira awiri okha, ndipo amaswa pakadutsa masiku 17 kapena 18. Yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira, yaimuna masana, yaikazi usiku wonse mpaka m'mawa, ndipo maunda akabadwa zonse ziwiri zimawadyetsa kuchokera m'kamwa mwawo. Pakatha pafupifupi masabata anayi maundawo amakhala atanona, asanayambe kuuluka, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene amakhala ndiwo yabwino kapena kugulitsika. Nyengo ya mvula ino ndi imene khola limafuna maso kwambiri, chifukwa denga likadontha mazira amazizira n'kuola, zitosi zikanyowa zimabweretsa fungo ndi tizilombo, ndipo makoswe ndi amphaka amakwera mizati ngati mulibe malata owatchinga. Choncho ola limene abambowo amathera kumeneko ndi ntchito ndithu, ndipo phindu lake limatha kufika m'mbale mwanu, kuphatikizapo zitosi zimene zikauma zimakhala manyowa abwino kwambiri a dimba la mpiru ndi tomato.

Vuto limene ndikuliona m'kalata yanu ndi lakuti ku kholako amapitako okha. Abambo ambiri a msinkhu wathu sitinaphunzitsidwe kukhala pansi ndi mwana n'kumangocheza naye, ndipo mukatiuza kuti "khalani ndi ana" timasowa poyambira, timafunsa za mayeso, kenako tonse tili duu. Koma mukatipatsa mwana pamene manja athu ali pa ntchito imene timaidziwa, pakamwa pamatseguka pokha. Mawa m'mawa mupatseni mwana wamng'onoyo kambale ka madeya, mumuuze kuti apite nako kwa bambo ake, ndipo musanene china chilichonse. Wamkuluyo apatsidwe kope lakale loti azilembamo tsiku limene nkhunda yaikira, kuti awerengere yekha tsiku loswa, n'kudzaona ndi maso ake ngati masamu ake alondola. Ngati abambowo angavomere kupatsa mwana aliyense nkhunda ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, kuti zikhale zake, mudzaona ana akudzuka okha asanadzutsidwe. Akuluakulu akwathu ankati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu, ndipo woweta aliyense mawu amenewa amawadziwa, choncho munthu wokonda mbalamezi sakhala wovuta kumukumbutsa za mtendere wa pabanja.

Za bawo ndinene mosabisa kuti apa dandaulo lanu lili ndi maziko. Bawo siidya ndalama ngati anthu sakubetcha, koma imadya nthawi mosazindikirika. Thabwa lija lili ndi maenje 32 ndi nkhomo 64, ndipo munthu akagwira nkhomo m'manja maganizo onse amalowa mmenemo: kuwerenga maenje, kuona pamene mnzake angamudyere, kusunga dzenje lapadera lotchedwa nyumba, kusankha potakata (posewera osadya). Wogonja amadzuka, wina amakhalapo, iwe wopambana sungachoke chifukwa anzako anena kuti wathawa, ndipo ukagonja umafuna kudikira kuti ubweze. Umo ndi mmene munthu amachokera pakhomo nthawi ya 10 koloko n'kubwera dzuwa litapendeka, nsima itazizira. Komabe dziwani kuti pabwalo pamenepo ndi pamene abambo amamva za maliro, za ntchito imene yatuluka, za amene akugulitsa feteleza pamtengo wabwino, ndipo kwa munthu amene chaka chonse amalamulidwa kuntchito, ndi malo amene amakhala wofanana ndi anzake. Mukamuchotsapo kwathunthu mudzakhala ndi munthu wokhala pakhonde nkhope ili gwa, mtima uli kumsika.

Chimene chingathandize ndi kuika malire pa nthawi, ndiponso kubweretsa bawo ina kunyumba. Mugwirizane kuti nkhomaliro adye ndi banja tsiku lililonse la tchuthili, ndipo kubawo azipita akatha kudya. Kenako apempheni aphunzitse ana. Sipafunika kugula thabwa, popeza maenje amakumbika pansi pa mtengo kapena pakhonde la dothi, ndipo timiyala kapena njere zimakwanira. Ana amayamba ndi bawo yosavuta ija imene nkhomo zonse zimaikidwiratu ziwiriziwiri m'dzenje lililonse, ndipo mwana wa sitandade 3 amatha kuigwira m'masiku ochepa. Ndaonapo mtsikana wamng'ono akuwerenga maenje ndi chala, milomo ikugwedera, bambo ake atagwira chibwano kudikira, kenako mwanayo n'kukolola nkhomo za bambo akewo mzere wonse, anthu pakhonde n'kuwomba m'manja. Bambo amene waona zimenezo amayamba kufulumira kubwerera kunyumba payekha. Inunso, mayi, ngati muli ndi chidwi khalanipo, chifukwa palibe lamulo limene limati bawo ndi ya amuna okha.

Mpira ndiwo mufunika kuuyang'anitsitsa. Kumvera Maule kapena Manoma pa wailesi masana, mwana ali pambali, palibe choipa. Koma nyengo ya Khirisimasi ndi imene ligi ya ku England imachulutsa masewero, kuyambira pa 26 Disembala mpaka kulowa chaka chatsopano, ndipo chifukwa cha kusiyana kwa nthawi, mpira umene kumeneko wayamba 3 koloko masana kuno ndi 5 koloko madzulo, ndipo wa 8 koloko usiku kuno umayamba 10 koloko n'kutha pakati pa usiku. Malo ambiri oonetsera mpira ndi omwenso amagulitsa mowa, ndipo masiku ano kubetcha kuli pafoni m'thumba mwa aliyense. Funso lofunika kulifufuza modekha ndi lakuti kodi abambowo amapita kukaonera mpira, kapena mpirawo wasanduka njira yopitira ku botolo ndi ku kubetcha? Zizindikiro zake sizibisika: munthu amayamba kudandaula za matimu amene sanawatchulepo n'kale lomwe, amakwiya mopitirira muyeso chigoli chikalowa kumapeto, ndalama za pafoni zimatha osadziwa kumene zapita. Ngati zimenezi mulibe, ndiye kuti nkhani ndi ya nthawi chabe, ndipo mungagwirizane kuti asankhe masewero a timu yawo yokha, ena onse awamvere kunyumba.

Pali chinthu china chimene simunachitchule koma chili pansi pa nkhani yonseyi, ndicho kuti tchuthi cha Khirisimasi kwathu kuno chimagwa pakati pa ntchito ya kumunda. Amene anadzala ndi mvula yoyamba, masabata amenewa chimanga chimakhala chikufuna kupalira, ndipo feteleza wobereketsa amafunika kuthiridwa patadutsa pafupifupi masabata atatu kapena anayi chimerereni. Udzu sudikira kuti zikondwerero zithe. Ngati muli ndi munda, kaya kumudzi kaya kunja kwa tauni, masiku a tchuthi a abambowo ndi chuma chimene sichidzabweranso mwezi wa Januwale, ndipo m'mawa uliwonse umene apita kumunda ndi ana okulirapo ndi ndalama ya ganyu imene yapulumuka. Ngakhale pakhomo pokha pali ntchito za nyengo ino zoyenera iwo: kumata podontha padenga, kutsegula ngalande kuti madzi asalowe m'nyumba, kutchetcha udzu ndi kukwirira zithaphwi zimene zimaswetsa udzudzu, kuona ngati maneti a ana sanabooke. Munthu amene wagwira zimenezi mpaka dzuwa litakwera, akapita kubawo masana palibe amene angamuwerengere.

Ndipo kutsogoloku kuli Januwale. Malipiro a Disembala m'malo ambiri amabwera msanga, zimene zikutanthauza kuti ayenera kutambasuka masabata ochuluka kuposa a mwezi wina uliwonse, pamene sukulu zimatsegulidwa kumayambiriro kwa Januwale ndi zofuna zake za makope, nsapato, yunifomu ndi fizi kwa amene ali m'sukulu zolipira, ndiponso chimanga chimakwera mtengo kufikira zokolola zatsopano. Ndikukulangizani kuti musanakambe za bawo, mukhale pansi awiri ndi pepala, mupatule kaye za lendi, za sukulu, za feteleza ndi za ufa, kenako za mpunga, nkhuku, zakumwa ndi zovala za ana za pa tsikulo. Pa zotsalazo pakhale kandalama kodziwika ka abambo ka mpira ndi chakudya cha nkhunda, ndipo pakhalenso kanu. Ndalama ya zosangalatsa ikakhala yodziwika kwa onse awiri, kunamizana kumachepa, ndipo abambowo sayenda ngati munthu wozemba.

Kayankhulidwe kake ndi kamene kadzapangitse kuti zonsezi zitheke kapena zilephereke. Musawatsatire kubawo kukawaitana pamaso pa anzawo, ndipo musatume mwana ndi mawu olasa, chifukwa mwamuna wochititsidwa manyazi pagulu amakhalitsa dala kuti aonetse kuti salamulidwa. Musayambitsenso nkhaniyi pamene angolowa kumene usiku, inu mutatopa, iwo ali ndi njala. Sankhani nthawi imene ana agona kapena m'mawa pa tiyi, ndipo mutchule zimene mukupempha chimodzi ndi chimodzi, zooneka ndi maso. Kunena kuti "simusamala za banja" kumangoyambitsa mlandu umene aliyense adzabweretsa mboni zake. Kunena kuti "bambo a ana, ndikupempha kuti nsima ya masana tizidyera limodzi, ndipo pa 24, pa 25 ndi pa 1 mukhale nafe tsiku lonse" ndi pempho limene munthu angaliyankhe kuti inde. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masabata awiri ndi okwanira ngati muyamba lero.

Tsiku la Khirisimasi lenilenilo agawireni ntchito zawo poyera kuyambira dzulo lake: kugula makala, kupha ndi kusosola nkhuku, kutenga zakumwa, kulandira alendo, ndipo koposa zonse kuyenda ndi ana. Tsiku limeneli ana amavala zatsopano n'kubalalika m'misewu, pamene madalaivala ena amwa, mitsinje ndi ngalande zadzaza, ndipo makombola akuphulika paliponse. Bambo akapita nawo kutchalitchi m'mawa, n'kuwaperekeza kwa agogo kapena kukaona magule masana, inu mumaphika mtima uli m'malo, ndipo anawo akadzakula adzakumbukira kuti anayenda ndi bambo awo. Ndikuwonjezerenso kuti tchuthichi ndi chanunso. Mayi amene wadzuka mbandakucha kutunga madzi, kuchapa, kusankha mpunga ndi kuphikira alendo masiku onsewa ali ndi ufulu wa masana ake oti apite kukwaya, kukacheza kwa achemwali ake kapena kungogona, ana ali m'manja mwa bambo awo. Zimenezi muzinene monga gawo la mgwirizano, mopanda kupepesa.

Ena angakulangizeni kuti mupite kwa ankhoswe. Pa zimene mwalembazi ine sindikuona mlandu wofika kumeneko, ndipo kuitana ankhoswe chifukwa cha nkhunda ndi bawo kungakulitse nkhani imene ikanatha ndi kapu ya tiyi. Koma ngati mutakhala pansi n'kupeza kuti ndalama ya feteleza kapena ya sukulu yalowa m'kubetcha, kapena abambowo ayamba kugona kunja, kapena akuyankhani ndi dzanja kapena mawu oopseza, pamenepo musadikire kuti zikondwerero zidutse. Uzani ankhoswe a mbali zonse ziwiri sabata yomweyo, ndalama za sukulu zisungidwe pamalo pamene sizingatengedwe ndi munthu mmodzi, ndipo ngati pali nkhanza, kupolisi kuli ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza m'banja imene imalandira madandaulo otere.